Ndayamba kuyezetsa DNA ya nkhosa zanga

Alimi anzanga a ziweto muno mu Lusaka, chaka chatha chinandipweteka mtima. Kufamu kwathu ku Chongwe ana a nkhosa ankabadwa ofooka, ena osatha ndi sabata yomwe. Ine ndinkangoti ndi matenda. Titatumiza tizidutswa ta khutu kokayeza DNA, zinapezeka kuti nkhosa yamphongo ya mtundu wa Dorper imene ndinagula pokopeka ndi thupi lake ili pachibale ndi zazikazi zanga zambiri, n'chifukwa chake ana ankabadwa ofooka.

Nkhosa imakhala ndi bere miyezi 5, ndiye yamphongo ikalakwika, nyengo yonse yapita, pamodzi ndi ndalama za chakudya ndi mankhwala. Kuyezetsa kumadula ndithu, koma ine sindidzagulanso yamphongo pongoyang'ana maonekedwe. Amene muli ndi Dorper yodziwika bwino makolo ake, chonde ndilembereni, tikambirane.