Chimbudzi chinali mu pulani, ndalama zinali mu bajeti

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: rejisitala, kusayinira masikimu (mapulani a zophunzitsa), kugawa choko chowerengera, ndi Sitandade 2 yomwe mphunzitsi mmodzi akulimbana nayo yekha chipumireni mnzake pantchito. Izi sindidandaula nazonso, mahedi anzanga mukuzidziwa.

Lachitatu ndiye linandiwawa. Usiku kunagwa chimvula, ndipo pa buleki chimbudzi cha atsikana chinatitimira mtsikana wa Sitandade 6 ali mkati. Mwayi wake silabu inapendekeka osagweratu m'dzenje. Aphunzitsi aamuna anamusolola, mwendo utatupa kale, akulira mosatonthozeka. Tinathamanga naye ku chipatala chaching'ono, komwe anati akufunika kukajambulidwa ku chipatala chachikulu. Nditafunsa za ambulansi, a dokotala anangoti, "Aphunzitsi, galimoto ilipo koma mafuta a mwezi uno sanabwere." Tinasonkherana aphunzitsi, mwana n'kupita pa njinga yamoto, mwendo uli lendelende.

Chomwe chikundipsetsa mtima n'chakuti chimbudzi chimenechi tinachilemba kale mu pulani ya sukulu. A komiti, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi a mother group tinakhala pansi, tinagwirizana kuti ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zikangofika tiyambire pamenepo. Ndalamazo zinachedwa, ndipo pofika zinali zitafooka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma thumba la sukulu silinakule molingana ndi mitengo ya simenti ndi malata. Tinasankha choko ndi mapepala a mayeso. Mukanakhala inu mukanasankha chiyani?

Mayi a mwanayo atafika sanakalipe. Anangofunsa kuti, "A hedi, si paja sukuluyi ndi ya boma?" Ndinasowa chowayankha. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ana anadzaza m'makalasi, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe chiwerengero chawo ndi zimbudzi zokumba makolo.

Ine PAYE, msonkho wa pa malipiro, amandidula malipiro ndisanawaone n'komwe. VAT, msonkho wa pa katundu wogula, ndimalipira pa simenti yomweyo ndikamagulira sukulu. Sindikana msonkho, popanda msonkho palibe sukulu. Koma nduna ikamawerenga bajeti m'nyumba ya malamulo, aphungu n'kumaomba matebulo, ndimafuna wina atiuzeko kusiyana kwa ndalama zolembedwa ndi ndalama zotulutsidwa. Ku Incheon, mzinda wa ku South Korea, mu 2015 mayiko anagwirizana kuti maphunziro azilandira 15 mpaka 20 peresenti ya ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito. Ngakhale gawolo litakwana papepala, zambiri zimathera ku malipiro, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole za boma chimadya chisanafike china chilichonse. Zotsalira za choko, mafuta a ambulansi ndi zimbudzi ndi zomwe zimayamba kudulidwa misonkho ikapanda kutoleredwa mokwanira.

Lachinayi ndinapereka chimbudzi cha aphunzitsi aakazi kuti atsikana azigwiritsa ntchito. Chimodzi, atsikana mazanamazana. Atsikana ena akuluakulu sanabwere ku sukulu, ndipo chifukwa chake sindichita kufunsa. Uthenga unabwera woti fupa la mwana uja linang'aluka koma silinathyoke, amuika pulasitala.

Lachisanu ndinalemba lipoti n'kukapereka ku ofesi ya maphunziro. Anandilandira bwino, anandipepesa, kenako anandilangiza kuti chimbudzicho ndichiike mu pulani ya chaka chamawa.