Alenje awiri m'mabwinja: zomwe ndaphunzira pa nkhani za asilikali owombera mobisala

Pa maphunziro anga a kalembedwe ka nkhani zopeka tafika pa nkhani zoimitsa mtima, zija zoti ukayamba kuwerenga madzulo tulo timathawa. Aliyense anapatsidwa ntchito yosankha mtundu umodzi wa nkhanizi n'kuusanthula. Ine ndinatenga za asilikali owombera mobisala, aja amati ma sniper, ndipo sindinachedwe kuona kuti zambiri zimayenda njira imodzi. Pamakhala akatswiri awiri a mfuti, wina mbali ino wina mbali inayo, akusakana. Pamakhalanso msilikali wakale amene nkhondo inatha kalekale koma mumtima mwake sinathe, ndipo tsiku lina mdani wake uja amatulukiranso. Mphunzitsi wathu amati usanalembe nkhani ya mtundu winawake uyambe wafufuza komwe mtunduwo unachokera, choncho ndinasiya kaye zopeka n'kupita ku mbiri yakale.

Njirayi inandifikitsa ku Stalingrad, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Volga womwe lero ukutchedwa Volgograd. Kuyambira mu Ogasiti 1942 mpaka pa 2 Febuluwale 1943 asilikali a Germany ndi a Soviet Union anamenyana mmenemo nyumba ndi nyumba. Mabomba anali atasiya mabwinja okhaokha, malo abwino kwa munthu wofuna kubisala ndi mfuti. Mkulu wa asilikali oteteza mzindawo, Vasily Chuikov, anaziona zimenezi ndipo analimbikitsa kwambiri owombera mobisala. Wotchuka kuposa onse anali Vasily Zaytsev wa ku mapiri a Ural, amene anaphunzira kusaka nyama ali mwana ndipo asanafike ku Stalingrad anali kalaliki m'gulu la asilikali a panyanja. Boma linamuwerengera anthu 225 omwe anawapha pakati pa 10 Novembala ndi 17 Disembala 1942.

Zaytsev mwiniwake anasimba kuti Ajeremani atatopa naye anatumiza mkulu wa sukulu yawo ya owombera mobisala, Major König, kuti adzamuphe. Anasakana masiku angapo. Kenako Zaytsev anazindikira kuti mdaniyo wagona pansi pa chilata pafupi ndi mulu wa njerwa. Mnzake Nikolai Kulikov anakweza chisoti pang'onopang'ono, Mjeremani anawombera, Kulikov n'kukuwa ngati walasidwa, ndipo uja atasuzumira kuti aone ntchito yake, Zaytsev anamumaliza. Galasi la pamfuti lomwe amati linali la König lili m'nyumba yosungiramo zakale za asilikali ku Moscow. Amene wawerengapo nkhani za mtundu uwu aona kuti zonse zilimo kale: kudikira, nyambo, kuwala kwa dzuwa pagalasi, chipolopolo chimodzi.

Koma akatswiri a mbiri yakale sanapeze umboni woti König analipo. M'zolembedwa za asilikali a Germany mulibe munthu wotere, ndipo olemba ena amamutcha dzina lina, Thorvald. Antony Beevor, amene anawerenga malipoti omwe akuluakulu a chipani cholamula cha Soviet Union ankatumiza ku Moscow kuchokera ku Stalingrad, anati mpikisanowu sutchulidwamo, chonsecho malipotiwo ankakonda kwambiri kutama owombera mobisala. Zaytsev anali munthu weniweni ndipo luso lake silikayikitsa. Chokayikitsa ndi mdani wofanana naye msinkhu uja, amene olemba nkhani zopeka amamudalira kwambiri.

Apa ndi pomwe ndinakhalitsa, chifukwa ndinafuna kudziwa chomwe chimatichititsa ife owerenga kumufuna mdani ameneyu. Ndikuganiza kuti amatipeputsira mtima. Akatswiri awiri akamasakana, aliyense akudziwa kuti akusakidwa, aliyense ali ndi mfuti, ndipo wofayo wafa chifukwa mnzake wamuposa nzeru. Tingathe kumuombera m'manja wopambanayo popanda kudzimva kuti tikusangalalira kupha. Ntchito yeniyeni ya msilikali wotereyu sinali choncho. Ankasaka akuluakulu a asilikali, onyamula mawailesi, olondolera mizinga, ndiponso aliyense amene wadzutsa mutu pa nthawi yolakwika: wonyamula chakudya, wokatunga madzi, wopita kukadzithandiza. Beevor yemweyo analemba kuti asilikali a Germany ankanyengerera ana a ku Stalingrad ndi buledi kuti akawatungire madzi ku Volga, ndipo a Soviet atazindikira anayamba kuwombera anawo. Nditawerenga zimenezi ndinatseka buku, ndipo tsikulo sindinapitirize.

Pali mfundo ziwiri za kagwiridwe ka mfuti zomwe zandithandiza kumvetsa kulemera kwa ntchitoyi. Liwu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene chipolopolo cha mfuti ya Mosin-Nagant, yomwe a Soviet ankagwiritsa ntchito, chimatuluka pa liwiro loposa mamita 800 pa sekondi. Ndiye kuti wolasidwayo chipolopolo chimamupeza kulira kwa mfuti kusanamufike. Alibe mpata wothawa, wopempha chifundo, ngakhale wodziwa chomwe chikuchitika. Yachiwiri ndi galasi. A Soviet anali ndi magalasi okulitsa zinthu katatu ndi theka kapena kanayi, ndipo m'mabwinja a mzinda mtunda sunali wautali. Woponya mzinga saona amene wamupha, koma uyu amamuona, nthawi zina kwa maola ambiri, akusuta fodya, akukanda ndevu, akuseka ndi mnzake, kenako n'kusankha nthawi. N'chifukwa chake owombera mobisala akagwidwa kawirikawiri ankaphedwa pomwepo, ndipo ngakhale anzawo a mbali imodzi ena ankawatalikira.

Nkhani ya mpikisano inabadwanso ku Vietnam. Carlos Hathcock wa ku Arkansas, wa gulu la Marines la America, anamuwerengera anthu 93. Ankavala nthenga yoyera pachipewa. Iye anasimba kuti tsiku lina pafupi ndi phiri lotchedwa Hill 55, chakumwera kwa mzinda wa Da Nang, anaona kuwala m'tchire n'kuwombera, ndipo chipolopolo chinadutsa m'galasi la mdani mpaka m'diso, kusonyeza kuti nayenso anali atamuloza kale. Chithunzi chimenechi olemba achibwereza mpaka chafwifwa. Chimene sachibwereza ndi zotsatira zake. Mu Seputembala 1969 galimoto yankhondo yomwe Hathcock anakwera inaponda bomba lokwirira, ndipo iye anapsa kwambiri akutulutsa anzake 7 m'moto. Mu 1975 anamupeza ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, ndipo mu 1979 anachotsedwa usilikali chifukwa cha thanzi, patatsala pang'ono kuti akwanitse zaka 20 ali pa ntchitoyo. Anagwa m'kukhumudwa kwakukulu, akudziona ngati wotayidwa. Anamwalira mu 1999. Chomwe chinamuvutitsa munthuyu sichinali mdani wobwerera kudzabwezera. Linali thupi lakupsa ndi kutaya ntchito yokhayo yomwe ankaidziwa.

Lyudmila Pavlichenko, mayi wowombera mobisala wa ku Soviet Union, anali wophunzira mbiri yakale pa yunivesite ya Kyiv pomwe nkhondo inayamba mu 1941. Anamenya ku Odessa ndi ku Sevastopol ndipo anamuwerengera anthu 309. Mwamuna wake, amenenso anali wowombera mobisala, anafa ndi mabala a nkhondo mu 1942. Chaka chomwecho boma linamutumiza ku America kukakopa anthu, komwe anacheza ndi Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa dzikolo. Olemba za moyo wake amati zaka zotsatira analimbana ndi kukhumudwa komanso mowa, ndipo anamwalira mu 1974 ali ndi zaka 58.

Mbali iyi yachiwiri, ya msilikali wakale wosautsidwa ndi zakale, ndiye ili ndi umboni wochuluka, koma ndi yomwe olemba amaichita mwaulesi. Amaithira ngati mchere m'ndiwo: loto loopsa limodzi pa mutu woyamba, botolo la mowa patebulo, mkazi amene anachoka, basi. Mfuti ikangobwerera m'manja, munthu uja wachira, dzanja silinjenjemeranso. Madokotala amafotokoza zosiyana. Vutoli linatchulidwa koyamba kuti shell shock m'zolemba za dokotala wa ku Britain Charles Myers mu 1915, ndipo bungwe la madokotala a maganizo ku America linalilemba m'buku lake la matenda mu 1980 pa dzina la PTSD, kutanthauza kusautsika maganizo kobwera munthu akadutsa m'zoopsa, pambuyo pa kulimbikira kwa asilikali obwera ku Vietnam. Kafukufuku wamkulu wa asilikaliwa amene anatha mu 1988 anapeza kuti mwa amuna 100 alionse omwe anatumikira kumeneko, pafupifupi 30 anadwalapo vutoli, ndipo 15 anali akudwalabe nthawi imeneyo. Zizindikiro zake sizokoma kuziwerenga m'nkhani yothamanga: kusagona, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kukhala moyang'ana khomo nthawi zonse, kupsa mtima pa zazing'ono, ndiponso kuuma mtima moti mwana wako akakukumbatira sumva kanthu.

Jonathan Shay, dokotala amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi asilikali akale ku Boston, anawonjezera chinthu china. Iye anaona kuti ena savutika ndi mantha okha koma ndi bala la chikumbumtima, lobwera pamene munthu wachita kapena walamulidwa kuchita chomwe mtima wake ukudziwa kuti n'cholakwika. Kwa ine apa ndi pomwe mbali ziwiri za nkhanizi zimatsutsana. Ngati msilikali wathu anangopha katswiri mnzake pa mpikisano wachilungamo, chikumusowetsa tulo n'chiyani? Wolemba akafuna kuti tikhulupirire kusagonako, ayenera kutionetsa munthu wokatunga madzi uja. Akabisa ameneyo kuti tisamude ngwazi yake, kusautsika konse kumasanduka chokongoletsera.

Ndisanamizenso mbali inayo, poganiza kuti aliyense amene anapha amalira usiku. Simo Häyhä, mlimi wa ku Finland, amamuwerengera anthu oposa 500 pa nkhondo ya m'nyengo yachisanu ya 1939 mpaka 1940 yolimbana ndi Soviet Union. Sankagwiritsa ntchito galasi, poopa kuti lingawale kapena kuchita nkhungu, ndipo ankaika chipale chofewa m'kamwa kuti mpweya wake usaoneke. Pa 6 Malichi 1940 chipolopolo chinamuphwanya nsagwada. Anachira, nabwerera kukalima, kusaka nyama ndi kuweta agalu, osakwatira, mpaka anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 96. Atafunsidwa ali wokalamba, anangoti anachita zomwe anauzidwa mmene akanathera. Munthu wotere ndi wovuta kumulemba kuposa wolira, chifukwa wolemba sangadziwe ngati kukhala chete kwakeko ndi mtendere kapena chitseko chokhoma, ndipo ayenera kusiya owerenga asakudziwa.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kotheratu. Amuna a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anamenya ku Burma mu 1944, m'nkhalango momwe asilikali a Japan ankabisala n'kumawombera, ndipo ambiri a ife tinakula tikumva za agogo ena a m'mudzi amene anapita kunkhondo koma sankafuna kuikamba. Ndimafuna nditadziwa zomwe iwo anaona, koma amene akanatiuza atsala ochepa kwambiri.

Ntchito yotsatira ndi kulemba mutu woyamba wa nkhani yangayanga ya mtundu umenewu. Mdani wofanana msinkhu ndimusunga, chifukwa popanda iye owerenga satembenuza tsamba, ndipo kusakana kwa anthu awiri ochenjera kumakomadi. Koma ndamusunthira m'kamwa mwa msilikali wakaleyo: mpikisanowo ndi nkhani yomwe iye amauza atolankhani ndi adzukulu ake, ndipo amaikongoletsa chaka ndi chaka. Zomwe zinachitikadi tsiku limenelo owerenga azizitola pang'onopang'ono kwa mnzake amene ankamuonera mtunda ndi mphepo, chifukwa owombera mobisala kawirikawiri amayenda awiriawiri ndipo wachiwiriyo amaona zonse. Chomwe chikundivutabe ndi kupeza chifukwa chomveka choti mnzakeyo, atasunga chinsinsi zaka 40, ayambe kulankhula tsopano.