Kobidi yolembedwa madola 50 koma yoposa madola 3,000

Abale, nkhani ya makobidi a golide imandisangalatsa heve. Tengani American Gold Eagle, kobidi ya golide ija boma la America linayamba kupanga mu 1986, pambali pake analembapo madola 50 koma mkati mwake muli golide wokwana magalamu 31.1, ndiye mu 2025 mtengo wa golide wochuluka choncho unadutsa madola 3,000. Tangoganizani munthu kupita nayo kugolosale kukagula sopo ndi shuga, wogulitsa akuwerengera 50 yomweyo basi, zina zonsezo mwataya, zimandiwawa kungoganiza.

Ine ndimaona kuti a ku South Africa anaganiza bwino. Kobidi yawo ya golide yotchedwa Krugerrand inayamba mu 1967 ndipo sanalembepo mtengo uliwonse ayi, mbali imodzi pali nkhope ya Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Mabunu, mbali inayo springbok (nyama yonga gwape) ndi kulemera kwa golideyo, mtengo umangotsatira msika tsiku ndi tsiku. Imaoneka yofiirira pang'ono chifukwa anasakanizamo kopa kuti isamakandike msanga.

Zasiliva nazonso, ma quarter (makobidi a masenti 25) a ku America opangidwa 1965 isanafike anali 90% siliva, siliva atakwera mtengo anthu anangowabisa m'nyumba, m'misika munayamba kuyenda atsopano a kopa ndi nickel.