Douhet uja tsopano wandilowa m'mutu

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi maganizo a Giulio Douhet, mkulu wa asilikali wa ku Italy amene analemba za nkhondo ya ndege, yemwe tikumuphunzira m'kalasi, mutu uli woima. Dzulo usiku, magetsi atathima, ndikuwerenga ndi tochi ya foni, m'pamene zinamasuka. 

Kulakwitsa kwanga kunali koganiza kuti Douhet ankalemba za ndege. Munthu uja mtima wake unali ku mtsinje wa Isonzo. Kuyambira 1915 mpaka 1917 Italy inamenyana ndi Austria-Hungary kumeneko maulendo 12, anyamata akuthera m'maenje obisalamo asilikali, malire osasuntha kwenikweni mpaka ulendo womaliza. Iye atadzudzula akuluakulu a asilikali, khoti la asilikali linamutsekera chaka chathunthu mu 1916. Ndiye buku lake la mu 1921 analilemba ngati munthu amene walumbira kuti zimenezo asadzazionenso. Maganizo ake ndi awa: maenjewo ungowadumpha ndi ndege. Uyambe waphwanya ndege za mdani zisananyamuke, kenako upite kumizinda ndi mabomba ogumula, oyatsa moto, ndi a utsi wa poizoni woti ozimitsa moto asayandikire. Anthu wamba akatopa ndi maliro, aukira boma lawo, boma ligonja. Kwa iye chimenecho chinali chifundo, poti nkhondo itha msanga.

Mwaona pamene pagona nkhani? Nyumba yonseyi yatsamira pa mzati umodzi, woti munthu wamba sapirira. Ndipo mzatiwo palibe anali atauyesa. Chomwe anali nacho ndi zinthu ngati za mu June 1917, pamene ndege za Germany zotchedwa Gotha zinapha anthu 162 ku London tsiku limodzi, anthu n'kuchita mantha. Akatswiri anangotenga mantha amenewo n'kuwachulukitsa papepala. Pofika 1932 Stanley Baldwin, mtsogoleri wa ndale wa ku Britain, ankauza nyumba ya malamulo ya kumeneko kuti ndege ya mabomba palibe angaitchinge. Kenako kunabwera radar, makina odziwira ndege zikadali kutali. London inaphulitsidwa mu 1940 ndi 1941 koma sinagonje, ndipo lipoti la Butt la mu 1941, lounika ndege za mabomba za Britain, linapeza kuti mwa ndege zitatu zomwe zinkati zaphulitsa pamalo pake, imodzi yokha ndi imene inafika mkati mwa makilomita 8.

Njira yanga tsopano ndi imodzi: ndikakumana ndi woganiza aliyense, ndizifunsa kaye kuti ankathawa chiyani. Ndikukhulupirira kuti funso limeneli likhoza kutsegula kosi yonse, ngakhale ya chuma imene ikundisautsa ija. Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha maola awiri akutiwerengera mayina ndi zaka pa bolodi, Isonzo osaitchula n'komwe. Ukafunsa, amvekere nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Mayeso ndi Lachisanu, ine ndiye ndangodzuka kumene.

Pali pamodzi pomwe sindinakhazikike. Utsi wa poizoni uja, womwe Douhet ankaudalira kwambiri, sunaponyedwe pamizinda ya ku Ulaya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndiye tinganene kuti maganizo ake anayesedwa n'kulephera, kapena anangoyesedwa theka? Nanga Japan, yomwe inagonja mu 1945 mizinda yake itaphulitsidwa, tiiika mbali iti? Ndikafuna kulemba kuti analakwa, dzanja likumakana, kaya mwina ndi tulo chabe.