Mutu wa mfumu ya ku Cambodia wandithera matabwa

Chibwerereni kuchokera ku Paris, anzanga kuno ku Joni akungondifunsa funso limodzi: "Achimwene, Eiffel Tower ija munakwera?" Sindinakwere. Ndinaiona ndili pansi, ndipo mzere wa anthu unali ngati wogula chimanga chaka cha njala, ndiye ndinangojambulitsa n'kumapita. Chimene chinandigwira mtima n'china, ndipo mpaka lero chikundidyera matabwa.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine wosema. Sompho ndinaigwira ndili mwana kwa malume anga ku Mtakataka, kufupi ndi Mua kumene kuli akatswiri a ziboliboli. Ku Johannesburg kuno ndimagwira ntchito pashopu ina ya mipando ndi zokongoletsera m'nyumba. Mwezi wa September madamu eni shopuyo anapita ndi katundu kuchionetsero cha zamalonda ku Paris, ine ananditenga kuti ndizimasula mabokosi ndi kumata zimene zathyoka panjira. Za mapepala a viza tisakambe, zingatithere tsiku. Chionetsero chitatha anandilembera dzina pakapepala, Musée Guimet, n'kundiuza kuti munthu wosema sayenera kuchoka mumzindawo asanalowemo.

Ndinapita Lachiwiri, ndinapeza potseka. Kani Lachiwiri satsegula. Ndinabwereranso m'mawa mwake pasitima ya pansi pa nthaka, nambala 9, n'kutsikira pa Iéna, ndege yathu ili yausiku womwewo.

Nyumbayi ndi ya boma la France, yosungiramo zaluso ndi zinthu zakale za maiko a ku Asia. Anaiyambitsa ndi Émile Guimet, mwini mafakitale wa ku Lyon, amene mu 1876 anayenda ku Japan, China ndi India akusonkhanitsa zinthu za zipembedzo. Anayamba kuzionetsa kwawo ku Lyon mu 1879, kenako zinasamukira ku Paris mu 1889. Chimene chinandiseketsa ndi gwero la chumacho. Bambo ake ndiwo anatulukira njira yopangira utoto wa buluu m'fakitale, mtundu womwe uja amayi athu ankasungunula m'beseni potsukuluza malaya oyera a kutchalitchi. Ndinaima pakhomo n'kumaganiza kuti chinyumba chonsechi chinachokera m'beseni lochapira.

Mukangolowa mumakumana ndi chinjoka chamwala cha mitu 7, chitatukula mitu yake kuposa msinkhu wa munthu, ndipo zimphona zachigwira thunthu ngati zikukokana nacho chingwe. Eni ake amachitcha naga. Chinali m'mbali mwa msewu wolowera kukachisi wa Preah Khan ku Angkor, m'dziko la Cambodia. Ine wa ku Dedza ndinangoti uyu ndi Napolo basi, kungoti wa kumeneko anamusema n'kumuika pachipata, pamene wathu timangomumvera kumapiri akamasamuka ndi madzi. Miyala yambiri ya m'chipinda chimenechi inabwera ndi msilikali wa pamadzi dzina lake Louis Delaporte, amene anaituta ku Cambodia kuyambira mu 1873, dzikolo lili m'manja mwa Afalansa. Ndimadziwa kulemera kwa thabwa limodzi la mlombwa. Amene ananyamula miyala imeneyi m'nkhalango mpaka kukafika nayo pamtsinje, misana yawo inaona zakuda, ndipo si Delaporte amene anaisenza.

Cha mkati pang'ono ndi mmene muli mutu umene ndikunenawu. Akuti ndi wa Jayavarman VII, mfumu imene inayamba kulamulira mu 1181 n'kumanga Preah Khan yemweyo. Mutu wokha, thupi palibe. Maso ndi otsinzina, makutu aatali, tsitsi analikokera kumbuyo n'kumanga kamfundo. Palibe chisoti, palibe mkanda, palibe chilichonse chokuuzani kuti uyu ndi mfumu. Koma pakamwa! Akumwetulira, komanso sakumwetulira. Mukaima kumanja mumaona munthu amene wakhuta ndipo ali pamtendere. Mukasunthira kumanzere mumaona ngati akudziwa kanthu kena ka inu koma wasankha kukusungirani.

Ndinazungulira mutuwo mwina kakhumi, mpaka mayi wolondera chipindacho anayamba kundiyang'anitsitsa. Ndinkafuna kupeza pamene wosemayo anabisa kumwetulirako. Ife tikafuna kuti chiboliboli chiseke timakweza nsonga za milomo, basi, mzungu wagula. Uyu milomo sanaikweze kwenikweni. Ntchito yonse ili m'masaya ndi pansi pa maso, m'timapiri ting'onoting'ono timene chala chingamve koma diso silitha kuloza. Ndipo kukhudza n'koletsedwa. Manja ankandiyabwa moti ndinawaika m'thumba.

Zipinda zam'mwamba ndinazidutsa mothamanga. Mbale za ku China, malupanga ndi zojambula za ku Japan, nsalu zopentedwa za ku Tibet, zonse zokongola, koma mutu wanga unali utatsalira pansi. Ndinaimako pang'ono pa minyanga ya njovu ya ku Begram, ku Afghanistan, imene anaifukula cha m'ma 1937 n'kuigawa pakati pa Kabul ndi Paris. Ndi tizidutswa topyapyala tosemedwa akazi ovala zibangili, tina tosaposa chikhatho. Agogo anga ankasema mnyanga kalekale usanaletsedwe, ndipo ankati ulibe chifundo, ukalakwitsa kamodzi wataya. Apa munthu anajambula ngakhale mikanda ya m'chiuno, umodziumodzi.

Nkhani ya mitu yopanda matupi inandivutitsa m'ndege usiku wonse. Ndinawerenga kuti mu 2016 nyumba yomweyi inatumiza ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, mutu wa chiboliboli cha mulungu wotchedwa Harihara, umene unakhala ku France zaka zoposa 100, ndipo atauika pathupi lake unakhala bwinobwino pakhosi. Ndinasangalala kumva zimenezo. Komabe ndisaname: mutu wa mfumu uja ukanakhala kwawo, ine mwana wa ku Mtakataka sindikanauona mpaka kufa. Zinthu ziwirizi ndalephera kuzigwirizanitsa, ndipo ndasiya kuyesa.

Komanso ndilibe pakamwa poweruzira ena. Zaka zanga zoyamba muno ndinkagulitsa pamsika wa alendo, ndipo tinkasema zigoba zonga za gule, kuzipaka polishi ya nsapato, kuzifukiza utsi wa makatoni, kenako n'kuzikwirira m'dothi sabata imodzi kuti zioneke za makolo. Mlendo akafunsa zaka zake tinkangoti "zakale kwambiri, bwana." Malume akanamva akanandilanda sompho. Chigoba chenicheni sichigulitsidwa pamsika, ndipo amene analowa kudambwe amadziwa chifukwa chake. Ndiye nditaona anthu akujambulitsa pafupi ndi milungu ya eni ake, ena atatsamira ndi chigongono pamalo amene kale anthu ankagwadapo, ndinakumbukira utsi wa makatoni uja.

Tsopano Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimakhala kuseri kwa nyumba imene timachita lendi ku Rosettenville, ndi chipika cha mlombwa, umene kuno amautcha kiaat, ndi zithunzi 14 zimene ndinajambula pafoni, kuyesa kusema mutu wa mfumu uja. Woyamba anatuluka ngati munthu wodwala dzino. Wachiwiri ndinapyoza tsaya, ndinamuponya pamoto wowotchera nyama. Wachitatu ndinkaona ngati ndayandikira, mpaka anabwera anzanga ena a ku Mangochi, atelala amene timakhala nawo mpanda umodzi. Anamutenga, kumutembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Achimwene, ameneyutu wadya ndalama za chipereganyu, ndipo akudziwa kuti simumugwira."

Akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi. Iwo akuti ndisiye, matabwa ndi odula, ndibwerere ku mvuu ndi akadyansonga zimene zimalipira lendi. Ndawauza kuti ndamva. Chipika chachinayi ndachibisa kuntchito, pansi pa tebulo lopalira.