Sabata imene tinayamba kuchotsa Dewey pamashelefu

Lolemba m'mawa ndinapeza achikulire amene amatisanjira mabuku ataima pakati pa mashelefu a nambala 370, pamene pamakhala mabuku a zamaphunziro, manja ali m'chiuno, ngati munthu amene wamva kuti munda wake ugawidwa. Pa laibulale ya koleji yathu palibe anakhalitsa kuposa iwo. Wophunzira akafunsa buku la kaphunzitsidwe ka masamu ku pulayimale, iwo sayandikira n'komwe kompyuta, amangoloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Pitani pa 372.7, shelefu yachitatu kuchokera pansi."

"Ndiye mwatsimikizadi, Madamu?" anandifunsa.

Ndinati zinatsimikizika kalekale, Bambo, ifeyo tangotsala ndi kunyamula.

Koleji yathu inayamba kupereka madigiri mogwirizana ndi yunivesite ina imene laibulale yake imasanja mabuku potsata ndondomeko ya Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo ya ku America, ndipo anagwirizana kuti katalogi ikhale imodzi. Ife chiyambire takhala pa Dewey, ndondomeko imene Melvil Dewey anatulutsa mu 1876 ali ku Amherst College ku America. Iye anagawa nzeru zonse za anthu m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900. Ubwino wake ndi wakuti mwana wa Fomu 1 amaimva tsiku limodzi. Vuto limabwera mabuku a phunziro limodzi akachuluka, monga ife ndi 370 yathu: nambala imatalika kuseri kwa kadontho mpaka kuzungulira msana wa buku, ndipo kabuku kakakhala kopyapyala umachita kukasolola kuti uwerenge mapeto ake. Ya Library of Congress imayamba ndi zilembo, 21 zokha, kusiya I, O, W, X ndi Y. Maphunziro ndi L, ulimi S, malamulo K, zachipatala R, sayansi Q.

Tinasankha holide kuti ophunzira asatione tikuvutika. Masiku awiri oyamba ndinangokhala pa kompyuta. Timagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu yaulere ya katalogi imene inayambira ku New Zealand, ndiye ndinatulutsa mndandanda wa mabuku onse a 370 n'kuyamba kuwasakira manambala atsopano. Mabuku osindikizidwa kunja savuta. Ukalemba ISBN, nambala yozindikirira buku ija, rekodi imabwera kuchokera ku makatalogi a malaibulale ena ili kale ndi nambala yake ya Library of Congress pa mzere wa 050, pamwamba pang'ono pa 082 pamene pamakhala ya Dewey. Umangoona ngati ikugwirizana ndi buku lili m'manja, basi. Intaneti ikamayenda bwino, tirole yodzaza imatha nthawi ya tiyi isanakwane.

Amene anandidyera nthawi ndi athu omwe: malipoti a unduna, masilabasi akale, timabuku tosindikizidwa ku Blantyre ndi ku Zomba topanda ISBN, ndi mathesisi a aphunzitsi athu. Amenewa palibe anawalembera rekodi kwina kulikonse. Umatsegula buku, kuwerenga zamkatimu, kutsegula ndandanda ya Library of Congress, imene mwamwayi amaipereka ulere pa PDF, n'kuganiza wekha kuti likhale pati. Lipoti lina la sukulu za mkaka ndinakhala nalo pafupifupi theka la ola. Lachiwiri masana magetsi anathima, jenereta inalibe mafuta, ndipo ndinapitiriza ndi pensulo, kulemba nambala kuseri kwa tsamba loyamba monga ankachitira amene anandiphunzitsa ntchito.

Lachitatu ndiye linali tsiku. Kuti usamutse mabuku pamafunika shelefu yopanda kanthu, ndipo ife tilibe ngakhale imodzi. Tinatsitsa 370 yonse n'kuiyala pa matebulo owerengera, fumbi lili koboo, wina aliyense atamanga kansalu kumphuno. Kuseri kwa mabuku ena tinapeza njira za chiswe, kwina zikopa za mtedza ndi kalata yachikondi imene sinafike kwa mwini wake. Ophunzira anayi amene tinawalemba ganyu ankamata timapepala ta nambala yatsopano pamsana, kuphimba ndi selotepi, achikulire aja akubweza pa shelefu.

Apa ndi pamene anatulukira kuti mabuku awo akubalalika. Ambiri a 370 anapita ku LB, ena ku LA ndi LC, zimene anazilandira. Koma a kaphunzitsidwe ka masamu aja anatuluka m'gulu la maphunziro n'kupita ku QA, kukakhala ndi masamu enieniwo, mbali ina ya chipinda.

"Madamu, buku la mphunzitsi likakhale ndi a sayansi? Ana athuwa akalipeza?"

Ndinawafotokozera kuti ndondomekoyi imakonda kuika kaphunzitsidwe ka phunziro pamodzi ndi phunzirolo. Anangoti "Chabwino," chabwino wake uja wa munthu amene sanavomere. Kunena zoona, pa koleji ya aphunzitsi ngati yathu, maganizo awo ndi omveka kuposa yankho langa.

Cholakwa chachikulu cha tsikulo chinali changa. Nambala ya Library of Congress ili ndi zigawo: zilembo, kenako nambala imene imawerengedwa yathunthu, moti LB875 imabwera LB1025 isanafike, kenako kadontho ndi chilembo ndi manambala ena otchedwa Cutter, potengera dzina la Charles Ammi Cutter. A Cutter amenewa amawerengedwa ngati madesimo. Choncho .M45 imayamba, .M5 n'kutsatira. Ine ndinafotokoza zoyambazo bwinobwino, izi n'kuiwala. Anyamata anaona 5 ndi 45, n'kuchita zimene aliyense wopita kusukulu angachite. Pofika 4 koloko, nditayenda ndi mndandanda kuti ndione, mizere itatu yathunthu inali yosokonekera, osati kwambiri moti n'kuonekera patali, koma mokwanira kuti buku lisowe lili pomwepo. Buku loikidwa malo olakwika mu laibulale n'chimodzimodzi lobedwa. Ndinawapepesa, ndinawagulira mandasi, ndipo Lachinayi m'mawa wonse unathera kubwereza ntchito ya dzulo.

Masana ake kunabwera mphunzitsi wa mbiri yakale, amene holide sadziwa kuti n'chiyani. Anamva mphekesera kuti 968.97 yake, pamene pamakhala mbiri ya Malawi, ichoka. Ndinamuonetsa kuti ipita ku DT, cha m'ma 3100 ndi 3200, pakati pa Zambia ndi Mozambique. Anayang'ana chipepala cha zilembo chimene ndinamata pakhoma n'kuseka.

"Achemwali, America yatenga zilembo ziwiri, E ndi F. Africa yense, kuyambira Cairo mpaka Cape Town, mwamupanikiza mu DT. Ndiye mwatisinthira chiyani?"

Sindinatsutse. Ndondomekoyi anaipangira mabuku a nyumba ya malamulo ya ku Washington zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo imaonetsa kumene inabadwira. Dewey nayenso ali ndi zake: pa 200, Baibulo ndi Chikhristu zatenga kuyambira 220 mpaka 280, zipembedzo zina zonse n'kuunjikana pa 290, Chisilamu pa 297, za makolo athu kumapeto kwenikweni pa 299. Chimene ndinamuuza kuti chandisangalatsa n'chimodzi. Kwa Dewey, galamala ya Chichewa imakhala ku 496 pamene nthano ndi ndakatulo za Chichewa zili kutali ku 896. Tsopano zonse zikakumana ku PL, cha m'ma 8000, ndipo wophunzira wa Chichewa adzaima malo amodzi. Koma alembi athu olemba m'Chingerezi apita kumchira kwa PR, kuseri kwa a ku England. Anapukusa mutu n'kubwereka mabuku awiri a nambala yakale.

Lachisanu tinamaliza L ndi kagawo kakang'ono ka QA. Zina zonse zikadali pa Dewey, kutanthauza kuti teremu ikubwerayi laibulale ikhala ndi ziyankhulo ziwiri, ndipo wofuna buku ayenera kuyamba waona mu Koha kuti adziwe mbali yopita. Ndinalemba chidziwitso chomata pakhomo, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri adzachidutsa n'kukafunsa achikulire aja.

Poweruka ndinawapeza atakhala pa kampando kawo ndi kope la ana asukulu. Anajambula mzere pakati pa tsamba, kumanzere manambala akale, kumanja atsopano, ndipo anali atadzaza kale masamba anayi. Pa 372.7 analemba QA, n'kuwonjezera m'mbali kuti "pafupi ndi zenera losweka." Anandifunsa kuti Lolemba tiyambira pati. Ndinati pa 200.

"Ndiye mubweretse selotepi yambiri," anatero. "Mabaibulo aja ndi onenepa."