Peripateo: kuyenda kwa munthu amene wadzutsidwa

Mu Chipangano Chatsopano cha Chigiriki muli aneni angapo onena za kuyenda, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. Poreuomai ndi wa munthu amene wanyamuka ulendo, akudziwa kumene akulowera. Ndi amene ali pa Mateyu 28:19, pamene Yesu akutuma ophunzira ake kwa mitundu yonse. Anabaino ndi kukwera, monga ankakwerera ku Yerusalemu. Koma amene wandigwira mtima m'maphunziro anga masiku ano ndi peripateo, wopezeka koposa ka 90. Wapangidwa ndi mawu awiri: peri, kuzungulira, ndi pateo, kuponda. Uku ndi kuyenda kwa munthu amene sali pa ulendo, kupondaponda m'malo amene amakhala tsiku ndi tsiku.

Kwa Agiriki akale nkhani yake inali ya miyendo basi. Ophunzira a Aristotle, katswiri wa nzeru amene anatsegula sukulu ku Lyceum mumzinda wa Athens cha m'ma 335 BC, anapatsidwa dzina lochokera ku tsinde lomweli chifukwa cha khonde loyendamo pamene ankakumana. Tanthauzo la khalidwe linabwera ndi Ayuda. M'Chiheberi, halak ndi kuyenda komanso kukhala moyo mwa njira inayake, ndipo mpaka lero malamulo a moyo wa Chiyuda amatchedwa halakha. Ife izi sizitivuta kumva. Agogo akati "mayendedwe a mwana uyu sakundisangalatsa," palibe amene amayang'ana mapazi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti omasulira Septuagint, Chipangano Chakale cha m'Chigiriki chimene chinayamba kumasuliridwa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200 BC, sankathamangira peripateo pa tanthauzo limeneli. Pa Genesis 5:24, pamene Chiheberi chikuti Enoki anayenda ndi Mulungu, iwo analemba kuti anakondweretsa Mulungu, ndipo n'chifukwa chake Ahebri 11:5 akunena za Enoki ndi mawu a kukondweretsa. Peripateo anamuika pa Genesis 3:8, Mulungu akuyenda m'munda madzulo, ndi m'malo ochepa monga pemphero la Hezekiya pa 2 Mafumu 20:3.

M'mabuku a Uthenga Wabwino mneniyu amagwira ntchito ya miyendo kwambiri. Yesu akuyenda m'mbali mwa nyanja ya Galileya, akuyenda pamwamba pa madzi, mwana wa Yairo wa zaka 12 akudzuka n'kuyamba kuyenda. Pa Marko 7:5 m'pamene Afarisi akufunsa mwa Chiyuda chenicheni chifukwa chimene ophunzira sakuyendera mwambo wa makolo. Koma taonani mawu amene amakonda kutsogolera mneniyu anthu akamachiritsidwa. Kwa wofa ziwalo pa Marko 2:9, ndi kwa wodwala zaka 38 wa pa thamanda la Betesda pa Yohane 5:8, lamulo likuyamba ndi egeire, dzuka, kenaka peripatei, yenda. Egeiro ndi mneni yemweyo amene amanena za kuuka kwa akufa.

Apa m'pamene ndinayamba kumumva Paulo. Iye amagwiritsa ntchito peripateo koposa ka 30, ndipo amatanthauza moyo wa munthu, osati mapazi. Pa Aroma 6:4 dongosolo lake ndi lija la pa Betesda: monga Khristu anadzutsidwa kwa akufa, ifenso tiyende m'moyo watsopano. Kalata ya Aefeso, mmene mneniyu alimo kasanu ndi katatu, ikuonetsa zimenezi poyera. Mutu 2 ukuyamba ndi anthu akufa m'machimo amene ankayendamo, pakati Mulungu akuwapatsa moyo ndi kuwadzutsa pamodzi ndi Khristu, ndipo vesi 10 ikufika pa ntchito zabwino zimene Mulungu anakonzeratu kuti tiyendemo. Malangizo onse a mutu 4 ndi 5, akuti yendani moyenera maitanidwe anu, yendani m'chikondi, yendani monga ana a kuwala, akubwera pambuyo pa kudzutsidwako. Ndimaona kuti maulaliki ambiri a mayendedwe amayambira pa mutu 4, n'kumalamula wogona pamphasa kuti athamange. Paulo sanayambire pamenepo.

Ndipo poti mneniyu alibe kolowera, sakunena za ntchito zikuluzikulu za utumiki wakutali. Mu Aefeso momwemo kuyenda kwatsopano ndi kusiya bodza, kusalola dzuwa kulowa uli chikwiyire, wakuba kuyamba kugwira ntchito ndi manja ake kuti akhale n'chogawira wosowa. Ndi za panyumba ndi pamsika.

Chenjezo limodzi kwa ife owerenga m'Chichewa: tikamasulira peripateo motsata zigawo zake timapeza "kuyendayenda," mawu amene kwathu amatha kunena za chiwerewere. Chigiriki chilibe fungo limenelo. Mneniyu payekha sali wabwino kapena woipa. Mdyerekezi pa 1 Petro 5:8 akuyenda ngati mkango wobangula, ndipo Khristu pa Chivumbulutso 2:1 akuyenda pakati pa zoikapo nyale zisanu ndi ziwiri, onse ndi mawu amodzimodzi. Tanthauzo limachokera ku mawu oyandikana nawo: m'kuwala kapena mumdima, mwa thupi kapena mwa Mzimu, ndiponso ndi yani.

Vesi imene yandivutitsa kwambiri ndi Yohane 6:66, pamene ophunzira ambiri anabwerera ndipo sanayendenso naye. Sindikutha kulekanitsa matanthauzo awiri aja pamenepa, ndipo ndikukhulupirira kuti Yohane sanafune kuti tiwalekanitse. Anthuwo anasiyadi kuponda misewu ya Galileya pamodzi ndi Yesu, ndipo kusiya kumeneko kunali kusiya chikhulupiriro chomwe.